Amene ankamuyesa wafa akabwerera: mafunso pa chikondi cha m'mafilimu akale

Filimu zakale zikumukhudza bwanji munthu wa ku Moatize kapena ku Zóbuè?

Nkhani yake tikuidziwa. Mu Casablanca ya 1942, Ilsa akugwa m'chikondi ndi Rick ku Paris atamva kuti mwamuna wake, Victor Laszlo, anaphedwa ndi a Nazi. Kenaka uthenga ukufika woti bamboyo ali moyo. Mu Sangam, filimu ya ku India ya 1964, Sundar akusowa kunkhondo ndipo onse akumulira maliro. Radha, mtsikana amene Sundar ankamukonda, ndi Gopal, mnzake wa Sundar wa ponda apa nane mpondepo, akuululirana zakukhosi, Sundar n'kutulukira. Kwathunso zinachitika: pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ambiri ochokera m'chigawo cha Tete chomwechi. Mtendere utabwera mu 1992, si onse anakapeza banja lili monga analisiyira.

Ndiye wolakwa ndani?

Palibe anaba mkazi wa mwini. Ilsa anakonda Rick atauzidwa kuti wake wafa, ndipo Radha ndi Gopal anaululirana zakukhosi atamva kuti Sundar wafa. N'chifukwa chake filimuzi zimapweteka mtima: ukafuna woti umukwiyire, sumupeza.

Zimatha bwanji?

Rick akukweza Ilsa ndege ya ku Lisbon pamodzi ndi mwamuna wake, iye n'kutsala. Sangam ikutha ndi magazi: Sundar atakwatira Radha akupeza kalata yakale yachikondi, nsanje ikumudya, ndipo Gopal akudziwombera kuti banja la mnzake lipulumuke. Mathero amenewa amandiwawa. Amuna awiri akupatsirana mkazi poonetsana ubwenzi, mwini mtima osamufunsa. Kwathu kuno ankhoswe akanakhala pansi, ndipo wakuchikazi akanafunsa kaye mwana wawo kumene kuli mtima wake.

Zonse n'zolizitsa basi?

Ayi. Mu Seeta Aur Geeta ya 1972, Hema Malini akusewera mapasa amene anasiyana ali makanda, wina wofatsa, wina wolusa. Atasinthana makomo, anyamata amene akusewera Dharmendra ndi Sanjeev Kumar akufunsira munthu amene sakumudziwa bwino. Mudzaseka mpaka nthiti kuwawa.

Ndiyambire iti?

Yambani ndi Seeta Aur Geeta, ana ali pomwepo. Sangam ndi yaitali, pafupifupi maola anayi, ndipo ngati pakhomo pali agogo amene anathawako nkhondo, afunseni kaye ngati akufuna kuionera.