Foni ili m'kalasi, mwini wake ali kumsika

Pa 1 Epulo 2020 dziko la Mozambique linalowa m'malamulo okhwima a Covid-19 omwe Pulezidenti Filipe Nyusi analengeza. Maphunziro a apantchito omwe ankachitikira m'maholo a ku Lichinga anasamukira pa Zoom ndi WhatsApp. Mliri unapita koma chizolowezi chinatsala, poti mabwana sakulipiranso alawansi ndi thiransipoti ya munthu wochokera ku Metangula kapena Cuamba.

Mlamu wanga, wosunga katundu pa ofesi ina ku Lichinga, anaphunzira choncho kalembera watsopano wa pakompyuta. Mphunzitsi anali ku Maputo, akuyankhula Chipwitikizi chothamanga kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Satifiketi inabwera. Litafika tsiku lowerenga katundu manambala anakana, ndipo mlamu anangotsala pang'ono kuchotsedwa ntchito ngati wakuba.

Inu amene mumakonza maphunzirowa, vuto linayambira kwa munthu wonga inu. Anangonyamula phunziro la tsiku lonse n'kulithira m'foni. Palibe anauza mlamu kuti, "Tsegulani kompyuta, lowetsani matumba khumi awa tione." Ankamva theka, netiweki ikadula n'kubwerera mutu utapitirira kale. Kufunsa ankachita manyazi, poti kwawo amayankhula Chinyanja ndipo mabwana ankamvera. Kenako anazolowera kusiya foni pathebulo, dzina likuoneka pamndandanda, iye ali kumsika.

Kodi kwanu sizikuchitika? Makamera onse ali chozimitsa, inu n'kumati akusunga mamega. Mukafunsa ngati pali funso, kuli zii, ndipo mumakondwa. Mayeso onse akhoza ndi mayankho ofanana, ngakhale polakwa pamodzimodzi. Mawa lake wantchito akugwirabe ntchito m'kope lakale lija. Ndi liti munapita kukaima pambali pake, osati kungowerenga mayina a olowa?

Musadalirenso kuti Movitel, Vodacom kapena Tmcel azigwira nthawi zonse. Zisankho za Okutobala 2024 zitatha, intaneti ya m'mafoni inkadulidwa m'dziko muno.

Dulani phunzirolo likhale la mphindi zochepa. Tumizani mawu ojambula oti munthu asunge m'foni, ena mu Chiyao, Chimakhuwa kapena Chinyanja. Mutu uliwonse uthere pa ntchito yeniyeni, wophunzira aijambule n'kutumiza. Chonde, musasayine satifiketi ya munthu amene simunamuone akuchita ndi manja ake.