Za Kuika Nsaru Yopeta m'Felemu

Kuyambira pamene amishoni a Dutch Reformed Church anakhazika mishoni ku Magwero m'caka ca 1899, ndi ku Madzimoyo m'caka ca 1903, asungwana ndi amai a m'midzi yozungulira Chipata, mzinda umene kale unachedwa Fort Jameson, akhala akuphunzira nchito ya singano. Nsaru yopeta bwino ikhoza kukhala zaka zoposa za mwini wace. Koma ikhozanso kuonongeka m'dzinja limodzi lokha, ndipo kawirikawiri cifukwa cace ndico kapacikidwe kosasamala.

Coyamba ndi kucapa. Thukuta la m'manja limatsala m'nsaru losaoneka, ndipo pakapita zaka limaturukira ngati mawanga acikasu. Madzi akhale ozizira, sopo akhale wamba. Ulusi wofiira ngwosakhulupirika: wopetayo ayambe wabviika kaduka kace m'madzi ndi kukafinya pa kansaru koyera, aone ngati utoto usuluka. Asapotokole nsaru pofinya. Aiyale pamthunzi, ndipo isanaumitsitse aigoneke cafufumimba pa thaulo lofewa nasite kumbuyo kwace, kuti maluwa asaphwatalale. Wosita ndi nsimbi ya makala ayale kansaru kena pamwamba, pakuti kakhala kamodzi kakugwa katha nchito ya miyezi itatu.

Ambiri amalakwa posankha coyalapo. Katoni ya m'sitoro ndi pulaiwudi ziri ndi asidi, amene amafiiritsa thonje pang'ono-pang'ono kufikira ulusi wace ufumbutuka. Yoyenera ndi katoni yolimba yopanda asidi. Kumene siipezeka, thabwa lopyapyala ndi louma likutidwe ndi pepala la aluminiyamu, ndi pamwamba pace nsaru yoyera ya thonje yocapa kawiri. Guluu asayandikire konse. Phala la ufa wa cinangwa, limene ena amalikonda cifukwa silidya ndalama, ndico cakudya ca mphemvu. Misomali yacitsulo nayo imacita dzimbiri, ndipo dzimbiri likalowa m'nsaru silicoka msanga.

Njira yabwino ndiyo kumanga ndi ulusi kumbuyo, monga amamangira zingwe za nsapato. Nsaru itsale masentimita 5 mbali zonse zinai. Wopetayo aike cithunzi pakati peni-peni pa katoni, napinde m'mphepete mwace kumbuyo, nagwirize ndi mapini kwa kanthawi. Atenge ulusi wolimba wautali, ayambire pakati pa mbali yaitali, nasoke modutsa kucokera ku mbali iyi kufikira inzace, kusiya sentimita 1 pakati pa msoko ndi msoko, kufikira pa ngondya. Abwerere pakati ndi kutsiriza theka linalo. Mbali zazifupi acite cimodzimodzi. Kukoka kukhale kwacifatse. Azitembenuza nsaru kawiri-kawiri kuona ngati mizere ya ulusi yalunjika ndi m'mphepete mwa katoni, cifukwa zilembo zopendekeka sizibisika pa khoma. Nchito iyi imadya madzulo athunthu, koma ubwino wace ngwakuti mdzukulu akadzafuna kucapa nsaruyo adzangodula ulusi wa kumbuyo, nsaru nkuturuka yamphumphu.

Za felemu, mmisiri wa matabwa auzidwe kuti agwiritse mlombwa wouma, umene ena amaucha mukwa, popeza ciswe siciukonda. Galasi limachinga pfumbi la m'cirimwe, koma lisakhudze nsaru. Kuyambira Novembala kufikira Epulo mpweya umadzala cinyontho, cimene cimaunjikana kunsi kwa galasi, ndipo pamene galasi lagunda ulusi pamayamba nguwi. Timizere ta katoni tocindikala mamilimita 3 tobisika m'mphepete mwa felemu tikwanira kulekanitsa ziwirizi. Kumbuyo kutsekedwe bwino ndi pepala lolimba, kuti njenjete zisapeze polowera.

Felemu ipacikidwe pa khoma la m'kati mwa nyumba, kutali ndi utsi wa kukhichini ndi kumene dzuwa la pa zenera limaomba, pakuti kuwala kumasulutsa utoto ndipo wosulukawo subwerera. Timitengo tiwiri tating'ono kumbuyo kwa ngondya za m'munsi tidzalola mpweya kupita pakati pa felemu ndi khoma. Asanatseke, wopetayo alembe ndi pensulo dzina lace, mudzi wace ndi caka pa kapepala, nakaike kuseri kwa katoni. Mwezi wa Okutobala uli wonse, mvula isanagwe, felemu itsitsidwe ndi kuyang'anidwa kumbuyo.