Kodi Mwatopa Ndi Kugonja pa Chesi?

Anzanga, ambiri timasiya chesi tikagonja kangapo motsatizana. Musataye mtima. Wophunzira kumene sagonja chifukwa cha nzeru zakuya za mnzake ayi, koma chifukwa chodyetsa zida zake ulere. Tsono musanasunthe chida, dzifunseni: kodi mnzangayu akufuna kudyanji? Kodi pomwe ndikuchiika chili ndi mtetezi? Kumbukirani mtengo wa chilichonse: msilikali 1, kavalo 3, bishopu 3, rook 5, mfumukazi 9. Lembani mayendedwe onse m'kope, ndipo mukagonja muwabwereze kufikira mutapeza pomwe mudalakwa. José Raúl Capablanca, katswiri wa dziko lonse kuyambira 1921 mpaka 1927, ankalangiza kuphunzira mathero a masewero poyamba. Sabata ino, yeserani kutsekereza mfumu ya mnzanu ndi mfumu ndi rook basi.