Maganizo ndi Nkhawa Zikapeza Shuga Atayamba Kukwera

Munthu akayezetsa magazi m'mawa asanadye kanthu, nambala yomwe yatuluka imanena zambiri. Malinga ndi bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, nambala ikafika 7.0 kapena kuposa, ndipo ikatuluka chimodzimodzi poyezanso, ndiye kuti munthuyo ali ndi matenda a shuga. Ikakhala pakati pa 6.1 ndi 6.9 (makina ena amalemba 110 mpaka 125), shuga wakwera koma matenda sanakhazikike. Madokotala amatcha zimenezi prediabetes. Munthu wotere samva kupweteka paliponse, ndipo mpata wobweza shuga m'malo mwake umakhala ulipobe.

Nkhaniyi si yakutali. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo ndi WHO wa mu 2009 adapeza kuti mwa Amalawi 100 aliwonse a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 6 anali ndi matenda a shuga.

Maganizo alowapo bwanji?

Mu 2008, Briana Mezuk ndi anzake ku America adasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku angapo. Adapeza kuti anthu odwala matenda ovutika maganizo anali pachiopsezo chodwala shuga chokulirapo ndi 60 peresenti kuyerekeza ndi anzawo. Izi zimachitika m'njira ziwiri.

Yoyamba ili m'thupi. Munthu akachita mantha, thupi limatulutsa mahomoni monga cortisol, omwe amachititsa chiwindi kuthira shuga m'magazi kuti apeze mphamvu zothawira. Pothawa galu wolusa, zimenezi n'zothandiza. Koma nkhawa ya lendi, fizi ndi ngongole ya katapila sitha tsiku limodzi. Ikakhalitsa miyezi, thupi limayamba kusamvera insulini, yomwe imalowetsa shuga m'minofu. Kwa munthu amene shuga wake adakwera kale, kumeneku n'kuthira parafini pamoto.

Yachiwiri ili m'makhalidwe. Wovutika maganizo sagona bwino, safuna kuyenda, ndipo tsiku lobwerera kuchipatala limamudutsa. Wina amadzitonthoza ndi tiyi wa shuga wambiri, mandasi, chipisi cha pachiwaya ndi zakumwa zotsekemera. Wina amathawira ku mowa ndi fodya. Choncho kumuuza munthu wotere kuti asinthe kadyedwe, osamufunsa chomwe chikumudya mumtima, n'kutunga madzi ndi dengu.

Chomwe chingachitike

Kafukufuku wina wa ku America, wofalitsidwa mu 2002, adaonetsa kuti anthu a prediabetes amene adathandizidwa kuchepetsa thupi pang'ono ndi kuchita masewera olimbitsa thupi mphindi 150 pa sabata adachepetsa chiopsezo chawo ndi 58 peresenti. Mphindi 150 ndi theka la ola kwa masiku asanu. Wa ku Maselema akayenda wapansi mwandawala kupita kumsika wa Limbe m'malo mokwera kabaza, wayamba kale. Kuyendako kumapeputsanso maganizo. M'mbale, mgaiwa ulowe m'malo mwa ufa woyera, ntanda zichepe, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke.

Amene watha masabata awiri ali wokhumudwa, osasangalala ndi zomwe ankakonda, tulo osabwera, apite kuchipatala chaching'ono cha Limbe, Bangwe kapena Ndirande, ngakhalenso ku Gulupu. Akafotokoze za shuga ndi za maganizo zomwe, chifukwa zonsezi zili ndi chithandizo. Amene akuganiza zodzipha asasiyidwe yekha. Aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo.

Kuvutika maganizo si ulesi kapena kuchepa kwa chikhulupiriro. Ndi matenda ngati ena onse, ndipo wodwalayo sasowa womudzudzula. Amasowa womumvera ndi womuperekeza. Mutu umodzi susenza denga.

Mafunso okambirana kumphakati

1. Ndi anthu angati m'banja amene adayezetsako shuga chaka chino?
2. Mkhristu amene wasiya kubwera kumphakati, ndani amakamuona, ndipo amamufunsa zotani?
3. Pamisonkhano ndi pazikondwerero pamakhala zakudya ndi zakumwa zotani? Wa shuga amapezapo chake?