Mwana wa achemwali akudinda mbidzi zanga

FUNSO

Ndine mayi wa ana atatu ndipo ndimakhala kufupi ndi nkhalango ya nyama ya Kuti m'boma la Salima. Ndimasoka zikwama ndi kudinda matisheti okhala ndi mbidzi ziwiri zokolekerana makosi, chithunzi chomwe ndinajambula ndekha, ndipo pansi pake ndimalembapo dzina la bizinesi yanga. Amene amagula ndi alendo odzaona nyama ndi ena opita ku Senga Bay. Mwana wa achemwali anga, yemwe ndinamuphunzitsa ntchitoyi pakhomo panga, wayamba kudinda chithunzi chomwecho ndi dzina lomwelo pa nsalu zotchipa. Zikasuluka, makasitomala amanena ine. Nditamufunsa anati mbidzi ndi za Mulungu, zilibe mwini. Achibale akuti ndingozitaya. Tulo sindikutiona. Kodi ndilakwa ndikapita kukhoti?

Mayi wosweka mtima, Salima

YANKHO

Amayi, pepani kwambiri. Akanakhala munthu wachilendo wa pamsika bwenzi mutangokwiya n'kuyamba kufunafuna njira. Koma uyu ndi mwana amene munamugwira dzanja pomuonetsa kupaka utoto, amene ankadya nanu m'mbale imodzi. N'chifukwa chake tulo tikukusowani. Ndalama zikukupwetekani, inde, koma ndikuona kuti chakulasani kwambiri ndi kunyozeka kwa dzina lomwe mwalimanga ndi thukuta lanu. Kumva kuwawa koteroko si kuuma mtima ayi.

Mwanayo walondola pa mfundo imodzi yokha. Mbidzi zodya msipu ku Kuti aliyense angazijambule, iyenso atha kutenga pensulo n'kujambula zake. Koma mmene inu munapindira makosiwo ndi mmene munayalira mizere yakuda ndi yoyera, ndi luso lanu, ndipo lamulo la dziko lino loteteza umwini wa ntchito zaluso, lomwe linakonzedwanso mu 2016, likuti chithunzicho ndi chanu kuyambira tsiku lomwe munachimaliza. Simufunika kuchilembetsa kwina kulikonse kuti chikhale chanu. Chitetezocho chimakhalapo moyo wanu wonse ndi zaka zina 50 mutatsogola, ndiye kuti ana anu atatuwo nawonso ali ndi gawo pa nkhaniyi. Amene akukuuzani kuti mungozitaya mwina sanaganizeko zimenezi.

Vuto limabwera pa umboni. Lero lomwe funafunani kope lomwe munayeseramo kujambula, ngakhale lili lothothoka masamba, chikombole choyamba chodindira, malisiti a utoto, ndi zithunzi za m'foni zoonetsa tsiku lomwe zinajambulidwa. Gulaninso tisheti imodzi ya mwanayo kudzera mwa mnzanu, muisunge pamodzi ndi yanu. Bungwe la COSOMA ku Lilongwe, lomwe linakhazikitsidwa mu 1992, anthu ambiri amaliyesa la oimba okhaokha, koma lamulo lomwe limayang'anira limateteza ojambula zithunzi nawonso, ndipo mutha kukafunsako nzeru.

Pa dzina la bizinesi ndipo ndikufuna ndikuuzeni mosabisa, chifukwa apa mwaima pamalo oterera. Dzina ndi chizindikiro cha malonda zili ndi lamulo lakelake, la mu 2018, lomwe linalowa m'malo mwa lakale la mu 1957, ndipo mphamvu zenizeni zimabwera mukalembetsa ku ofesi ya boma yolembetsa zizindikiro za malonda. Ambiri amati akalandira satifiketi ya dzina la bizinesi amayesa kuti zatha. Satifiketi imeneyo ndi yosiyana ndi ya chizindikiro. Mukapempha kulembetsa chizindikiro, amayamba aona ngati palibe wina yemwe analembetsa kale chofanana, kenako amalengeza kuti wotsutsa atsutse, ndipo zikayenda bwino chizindikirocho chimatetezedwa zaka 10, zikatha mumalembetsanso. Katundu amaikidwa m'magulu: zovala zili m'gulu 25, zikwama m'gulu 18, choncho muuzeni amene akukuthandizani kulembetsa kuti mumagulitsa zonse ziwiri. Ngati dzina lanulo ndi la malo chabe, monga Salima kapena Kuti, likhoza kukanidwa, poti dzina la malo munthu mmodzi salitsekera m'thumba. Mbidzi zanu pamodzi ndi mawu anuanu ndizo zingapange chizindikiro cholimba. Ndipo chitani changu, mwakachetechete. Mwanayo atakutsogolerani kukalembetsa, mudzavutika kwambiri kutsimikizira kuti munayamba ndinu.

Tsono ku funso lanu la khoti. Simulakwa. Khoti likhoza kumuletsa kudinda komanso kulamula kuti akulipireni. Koma mlandu umadya nthawi ndi ndalama, ndipo za loya zokha zikhoza kuposa phindu la matisheti omwe mukulimbiranawo. Mukapambana mudzakumanabe ndi achemwali anu pamaliro ndi paukwati. Ine ndikanakonda khoti likhale kumapeto, kalata ya loya itakanika, pakuti nthawi zina kalata yokhayo imakwanira kudzutsa munthu.

Pali njira ina yomwe mwina mkwiyo ukukubisirani. Mwanayo ali ndi miyendo yofika komwe inu simufika, ndipo chomwe akusowa ndi chilolezo chanu. Makampani akuluakulu amachita zimenezi tsiku ndi tsiku: mwini chizindikiro amalola wina kuchigwiritsa ntchito pamalipiro. Inunso mutha kutero. Mugwirizane kuti pa tisheti iliyonse azikupatsani zingati, nsalu ndi utoto zikhale za mtundu womwe inu mwavomereza, inu muzigulitsa ku Kuti ndi ku Senga Bay pomwe iye azipita nazo ku Lilongwe kapena ku Nkhotakota, ndipo panganolo likhale la chaka chimodzi, lotha kuthetsedwa akangobwerera ku nsalu zosuluka. Za nsaluzo musagonjepo ngakhale pang'ono, chifukwa mlendo amene tisheti yake yasuluka ataichapa kamodzi sabweranso, ndipo amauza anzake. Zonse zilembedwe papepala, nonse musainire.

Mwina mtima wanu sunafike poti mungagwire naye ntchito, ndipo ngati ndi choncho musadzikakamize. Muli ndi ufulu wongomuuza kuti aleke, ajambule zake. Chilichonse chomwe mungasankhe, musakakambirane naye awiriwiri pamsika. Mukapereka pempho lanu la chizindikiro, pemphani amalume anu kapena mwinimbumba aitanitse nkhaniyi pakhomo, achemwali anu alipo. Mukayale pamphasa kope lanu lija ndi matisheti awiri aja, yanu ndi yake, akuluakulu aone okha kusiyana kwa nsalu inu musanayankhule.