Lamya yodziyankha yokha pafupi ndi pilo wa agogo

Ngati muli ndi wodwala kapena agogo amene sangathe kudzuka lamya ikamalira, mungathe kuwapangira kachipangizo koyankha kokha. Izi zikukhudza lamya ya mawaya awiri ochokera pa mtengo wa kunja basi. Ija yokhala ndi mlongoti ndi SIM khadi isiyeni.

Yambani mwamvetsa mmene mawayawo amagwirira ntchito. Lamya ikakhala phee, pamakhala mphamvu pafupifupi mavoti 48. Wina akaimba, kampani imatumiza magetsi ogwedera a mavoti 70 mpaka 90, ndiwo amaliza belu. Mukanyamula chomvera, magetsi amapeza njira, mphamvu imatsika kufika cha m'ma 10, ndipo makina a kampani amadziwa kuti mwayankha. Ndiye nzeru yathu ndi iyi: tengani lamya yakale, nyamulani chomvera chake, muchigoneke pafupi ndi pilo, koma dulani waya mmodzi wa lamyayo wopita kukhoma. Belu likalira, relay ilumikize wayayo. Lamya ina ya pabalaza ikhale monga mwa masiku onse.

Pitani kwa okonza mawailesi mukafunse izi: PC817, NE555, transisita BC547, relay ya mavoti 5, madayodi 1N4148 ndi 1N4007, marezisita a 1k, 10k, 47k ndi 1M, makapasita a 47µF ndi 100µF, kabolodi ka mabowo, ndi tchaja yakale ya foni ya mavoti 5. Chofunika koposa ndi kapasita ya 0.47µF yolembedwa 250V, yosakhala ndi mbali ya + kapena −. Musalole kuti akupatseni ya mavoti ochepa ati ndi chimodzimodzi, belu lidzaiboola. Zonse pamodzi sizifika mtengo wa kafoni ka mabatani katsopano, ndipo zina mungazule m'wailesi yakufa. Patulani maola anayi, masana kukuwala.

Gwirani ntchito mutazula waya wa lamya kukhoma. Mitambo ikachita bii, ziphaliwali zikung'anima, ikani zonse pansi mudikire tsiku lina.

Choyamba ndi khutu lomvera belu. Kuchokera ku waya woyamba wa lamya wochokera kukhoma, ikani kapasita ya 0.47µF, kenaka rezisita ya 10k, mufike pa mwendo 1 wa PC817. Mwendo 2 upite ku waya wachiwiri. Pakati pa miyendo iwiriyi wotchererani 1N4148, mbali ya mzere wakuda ili ku mwendo 1. Mukaiwala dayodi imeneyi, PC817 ipsa. Ubwino wa PC817 ndi woti uthenga umadutsa mkati mwake mwa kuwala, choncho magetsi a kampani sakumana ndi a tchaja yanu.

Tsopano NE555. Miyendo yake muwerenge kuyambira pa kadontho, mozungulira mosemphana ndi mivi ya wotchi. Mwendo 1 upite ku − ya tchaja, miyendo 4 ndi 8 ku + yake. Mwendo 4 wa PC817 ulumikizeni ndi mwendo 2 wa NE555, mwendo 3 wa PC817 upite ku −. Kuchokera pa mwendo 2 womwewo kupita ku +, ikani rezisita ya 47k ndi kapasita ya 47µF moyandikana, mbali yake ya + ili ku +.

Kapasita imeneyi ambiri amailumpha poiona ngati yongowonjezera, ndiye amavutika. Relay ikamasula, mphamvu ya pa waya imalumpha kubwerera ku 48, khutu lija nkuyesa belu, nkuyankhanso. Lamya imangokhala yotanganidwa tsiku lonse, abale akuimba osalowa. Kapasitayi imameza kulumpha kwa kamphindiko, koma belu lenileni limaiposa mphamvu.

Mangani pamodzi miyendo 6 ndi 7 ya NE555. Kuchokera pamenepo rezisita ya 1M ipite ku +, kapasita ya 100µF ipite ku −. Ziwirizi ndizo zimayeza nthawi: masekondi pafupifupi 110, kenaka lamya idzidula. Ngati agogo amakonda kucheza, wonjezani ina ya 100µF pambali pake, nthawi iwirikiza.

Mwendo 3 wa NE555 udutse pa rezisita ya 1k kupita ku mwendo wapakati wa BC547. Mukayang'ana mbali yake yophwatalala, miyendo ili pansi, wa kumanja upite ku −, wa kumanzere ku koilo ya relay. Mbali ina ya koilo ipite ku +. Pingasani 1N4007 pa koiloyo, mzere wake uli ku +. Pomaliza, nsonga ziwiri za waya wa lamya yakale amene munadula ziikeni pa COM ndi NO za relay.

Yesani musanalumikize kukhoma. Gunditsani mwendo 2 wa NE555 ku − kamphindi. Mumve relay ikuti tcha, ndipo imasule nthawi ikakwana. Zikatero lumikizani, muimbe ndi foni ya m'manja, muyankhule, wina amvetsere pa pilo. Magetsi akazima musade nkhawa: relay imakhala yomasuka, ndipo lamya ya pabalaza imalirabe chifukwa mphamvu yake imachokera ku kampani.

Waya wochokera pa mtengo wa kunja uja ndi wa kampani, ndipo ku Malawi zipangizo zolumikiza ku lamya zimayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, choncho afunseni eni waya kaye. Uzaninso onse a m'nyumba, makamaka agogo eni ake, kuti aliyense woimba, ngakhale wolakwitsa nambala, azimva za m'chipindamo. Ikani swichi pa waya wa tchaja pamene dzanja lawo lingafike, kuti akafuna kupuma azizimitsa okha.