Nyanja Ikaphwa, Kodi Mulungu Wakana?

Kalata yoyamba kuwerengedwa pa wailesi madzulo a tsiku lina inachokera kwa msodzi wa padoko la Kachulu, kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba. Bamboyu anadandaula kuti mu 2018, mabwato atakhala pamatope ong'ambika, mpingo wawo unasala kudya ndi kuchezera kupemphera, koma madzi sanabwere msanga. Kodi Mulungu anawakana?

Abusa oyankha makalata anayamba ndi nyanja yeniyeniyo. Chilwa ndi yosaya, ndipo imadalira mvula ndi mitsinje ngati Likangala, Domasi ndi Thondwe. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, koma matemba ndi milamba zinabwerera. Kuphwa kwake sikutanthauza kuti anthu a ku Kachulu ndi ochimwa kuposa ena.

"Bambo anga, kusala kudya si malipiro oti Mulungu abweze ndi mvula pa tsiku limene ife tasankha," anatero. Anakumbutsa za Yesu m'munda wa Getsemane, amene anapempha poyera kuti masautso amupitirire, kenako n'kusiya chigamulo m'manja mwa Atate wake. Wodzichepetsa amanena chosowa chake mosabisa, ngakhale akulira, koma salamula. Anatchulanso Mfarisi wa pa Luka 18, yemwe anawerenga kusala kwake ndi chakhumi chake pamaso pa Mulungu, pamene wamsonkho wodziguguda pachifuwa ndiye anapita kwawo wolungamitsidwa.

Kalata yachiwiri inali yolemetsa. Mayi wina wa kwa Mwambo analemba kuti amuna awo, amene amagona pa zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa nyanja, akutsekula m'mimba koma akukana chipatala, ati anadzipereka kale kwa Ambuye.

Apa mawu a abusa anakwera, ndipo m'pomveka. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'Malawi muno, ndipo asodzi a pa zimbowera amamwa madzi a m'nyanja momwe amadzithandiziramo.

"Mayi, kukana thandizo ndi kudzikuza kovala malaya a chikhulupiriro. Kudzipereka kumafunanso kuvomera kuti ndiwe wofooka, anzako akunyamule. Tumani achimwene awo ndi bwato lero lomwe. Awamwetse Thanzi ORS njira yonse mpaka kuchipatala, inu muzipemphera muli pambali pawo."